Injini Nayonso Imapuma

Anzanga a fomu 1 mpaka fomu 4, tsiku lina mukamadikira galimoto pa Linthipe kapena pa Chimbiya, tayang'anani pansi pamene pamaima ma Sienta ndi ma Probox aja. Dothi lake ndi lakuda bii, lonona ndi oilo. Mukafunsa dalaivala amangoti, "Yakalamba iyi mphwanga, imadya oilo basi," nkugula kabotolo kena, kuthira, ulendo wapsa. Nthawi zina amakhala akunena zoona. Koma pali nthawi zinanso pamene injiniyo sinakalambe ayi, yangotsekeka mphuno. Pali kavalavu kena kakang'ono ngati chala chachikulu, ndi timapaipi ta labala tingapo, zimene zimapumitsa injini. Zimenezi munthu atha kuziyang'ana pakhomo, pansi pa mtengo, popanda makina a ku galaja. Ndipo paipi imodzi mwa iwo ndi imene imapatsa mphamvu mabuleki a galimoto imene inu ndi ine timakwera.

Tiyambire pa pampu ya njinga, poti imeneyo aliyense anaigwirapo. Mkati mwake muli kalabala kamene kamakankha mpweya. Ukamapopa tayala loti lalimba kale, umamva mpweya wina ukuthawira kumbuyo, fuu, kutulukira cha ku chogwirira. Mu injini ndi chimodzimodzi. Pisitoni imakwera ndi kutsika mu silinda, itavala maringi achitsulo otseka mpata. Koma ringi iliyonse ili ndi kampata pamene nsonga zake zimakumana. Anakasiya dala, kuti chitsulo chikatentha nkufufuma chisamangike. Ndiye petulo akaphulika pamwamba pa pisitoni, mpweya wina wotentha umazemba m'timipata timeneti nkutsikira pansi, m'chimimba cha injini, momwe mumazungulira crankshaft komanso momwe mumakhala oilo. Chimimba chimenechi ndiye crankcase, ndipo mpweya wozembawu amakaniko amati blow-by. Injini yatsopano imakhala nawo pang'ono, yakutha maringi imakhala nawo wambiri, koma yopanda konse kulibe.

Musati ndi kampweya kochepa. Tachitani masamu awa: injini ya masilinda 4 ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, kuphulika kumachitika ka 6,000 pa mphindi, ndiye kuti ka 100 pa sekondi iliyonse. Kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe, kuzemba kumeneko kwachitika kangati?

Mumpweya wozembawu muli petulo amene sanapse, mwaye, ma asidi, komanso madzi. Ee, madzi. A Chemistry akudziwa kuti mu petulo muli hydrogen, ndipo akapsa amagwirizana ndi oxygen nkupanga madzi. Lita imodzi ya petulo imatulutsa pafupifupi lita imodzinso ya madzi, ali nthunzi. Nchifukwa chake m'mawa mumaona madzi akudontha ku ekizozi. Ochuluka amatulukira komweko, koma ena amatsikira m'chimimba muja. Tsono kwathu kuno mukukudziwa mmene kumazizirira mu Juni ndi Julayi, mpaka cholembera kukanika kugwira pa phunziro loyamba. Nthunzi ija ikakhudza chitsulo chozizira imasanduka mame. Injini ikatentha bwino, cha m'ma 90 digiri, nkuyenda ulendo wautali, madziwo amauma okha. Koma galimoto yongochoka pakhomo kupita ku chigayo nkubwerera siifika potentha mokwanira. Madzi, mwaye ndi oilo zimasakanikirana nkupanga phala lakuda lomata. Onani khitchini yopanda zenera mmene denga lake limadera, mwaye mpaka kulendewera. Mkati mwa injini yosapuma mumaoneka choncho.

Vuto lachiwiri ndi pulesha. Poto wa nyemba akamawira, chivundikiro chimavina chifukwa nthunzi ikufuna potulukira. Injini ndi yomangidwa ndi mabawuti, singavine, ndiye mpweya umasaka malo ofooka: ma oil seal a kutsogolo ndi kumbuyo kwa crankshaft, gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba chija amati tappet cover, ngakhale kachitsulo koyezera oilo kamatha kukankhidwa nkutumphuka. Apa ndi pamene anthu amaluzira ndalama. Amasintha seal, pakapita masabata angapo yayambanso kuchucha, amati seal inali yabodza, agulanso ina. Chonsecho seal inalibe mlandu. Ndipo kuti usinthe seal ya kumbuyo uyenera kutsitsa giyabokosi, ntchito ya tsiku lathunthu, ndalama zoti zikanagula feteleza kapena kulipira fizi.

Kale magalimoto ankangokhala ndi paipi yolendewera pansi pa injini, yotayira utsiwo mumsewu. Mumzinda wa Los Angeles ku America magalimoto atachuluka, kunkachita chifunga choyabwa m'maso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, wasayansi wina wa ku Caltech, Arie Haagen-Smit, anaonetsa kuti chifungacho chimabwera utsi wa mafuta ukawombedwa ndi dzuwa. Kuyambira 1961 magalimoto atsopano ogulitsidwa ku California anayamba kuikidwa njira yobwezera mpweya wozembawu mu injini kuti ukapse, ndipo patangopita zaka zochepa njirayi inafalikira. Dzina lake ndi PCV, chidule cha positive crankcase ventilation. Magalimoto a petulo a ku Japan amene adzaza mumsewu wa M1 onse ali nayo.

Mmene imagwirira ntchito

Apa ndi Physics yathu yomweyi. Mpweya wotizungulirawu umatipanikiza, ngakhale sitimva. M'mbali mwa nyanja yamchere pulesha yake ndi pafupifupi 101 kPa. Pa boma la Dedza, pomwe ndi pokwera mamita pafupifupi 1,600, imatsika kufika cha m'ma 84 kPa. Tsono injini ya petulo ikamalira galimoto itaima, kachitseko kolowetsa mpweya kamakhala kotseka pafupifupi konse, pamene mapisitoni akukokabe. Mu manifold, yomwe ndi njira yogawira mpweya ku masilinda, pulesha imatsika osafika ndi theka lomwe la yakunja. Kusiyana kumeneku ndiye vacuum. Kunena mwachidule, manifold imayamwa, monga mmene umayamwira chakumwa ndi kapaipi kapulasitiki. Ndipo poti kuno mpweya wakunja ndi wopepuka kale, kuyamwako kumakhala kocheperako kusiyana ndi ku Salima kapena ku Nsanje. Injini siinadwale, ndi phiri chabe.

Pa tappet cover pamachoka mapaipi awiri. Ina imachokera pafupi ndi air cleaner, imalowetsa mpweya wosefedwa m'chimimba. Inayo imachokera pa valavu ya PCV kupita ku manifold, imakoka mpweya woipa uja kuti ukapsere limodzi ndi petulo. Khomo ndi zenera, mphepo nkumadutsa.

Valavuyo mkati mwake muli kachitsulo kosongoka ndi kasipuling'i basi, mulibe waya ngakhale mmodzi, koma nzeru zake nzogometsa. Galimoto ikaima injini ikulira, kuyamwa kumakhala kwamphamvu pomwe blow-by ndi wochepa, ndiye kachitsulo kaja kamakokedwa nkutseka njira, kungosiya kampata. Dalaivala akaponda moto, kuyamwa kumachepa, sipuling'i imakankha kachitsulo, njira imatseguka, nthawi yomweyo imene blow-by wachuluka. Pa chitunda, pikapu itadzaza matumba a kachewere ndi kabichi, blow-by amachuluka mpaka wina amabwerera kudzera paipi yolowetsa ija. Injini ikaphulikira kumbuyo, valavu imatseka kuti moto usalowe kumene kuli oilo. Ili ngati valavu ya chubu cha njinga, kungoti iyi imadziwanso muyezo.

Imawonongeka m'njira ziwiri, ndipo zizindikiro zake nzosiyana. Ikatsekeka ndi phala lija, ndi zomwe tanena kale: oilo kuchucha paliponse, oilo kupezeka mu air cleaner, fungo la oilo wopsa. Ikakakamira potseguka, kapena paipi yake ikang'ambika, injini imayamwa mpweya wosawerengedwa. Petulo amapsa bwino pakakhala magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Pa magalimoto ambiri pali sensa yoyeza mpweya wolowa, ndipo kompyuta imathira petulo molingana ndi muyezowo. Mpweya wolowera pa mng'alu sudutsa pa sensa. Yesani kumwa ndi kapaipi koboola pakati, muona zimene injini imamva. Imanjenjemera itaima, kapena kulira mokweza, kapena kuzima pa siteji pomwe kondakitala akutsitsa anthu. Kompyuta ikazindikira kuti mpweya wachuluka imawonjezera petulo, ndipo kagetsi ka check engine kamayaka. Akaika makina ku galaja nthawi zambiri amapeza nambala ya P0171. Valavu yotseguka imakokanso oilo nkumuwotcha, nkumatuluka utsi wobiriwira ngati mtambo. Kutaya petulo chifukwa cha kalabala kong'ambika nzomvetsa chisoni.

Pali mankhwala ena a pa siteji amene ine ndimatsutsana nawo, ngakhale akuluakulu ena amawakonda. Paipi ikang'ambika, amaizula nkutseka bowo ndi bawuti kapena kamtengo. Injini imasiyadi kunjenjemera, aliyense nkuwomba m'manja. Koma mwaitseka mphuno. Pakapita miyezi ingapo oilo ali mbwee pansi. Ena amangosiya paipi yolowetsa mpweya ili lende, yosalumikiza. Mu Seputembala ndi Okutobala misewu yathu ya dothi yopita ku Mphunzi ndi m'midzimu imakhala fumbi lokhalokha, ndipo fumbi limenelo likalowa mu oilo limapala zitsulo ngati mchenga wokwechera mapoto.

Kuyang'ana pakhomo

Zambiri mwa izi ndinaphunzira kwa amalume, amene ali ndi pikapu yonyamula mbewu, poti Loweruka ndine wowagwirira tochi ndi kuwapatsira masipanala. Atsikana musadutse ndime ino, ntchito yake siifuna minofu, imafuna maso ndi makutu. Koma galimoto ndi ya eni ake, musatsegule boneti popanda iwo kukhalapo.

Galimoto iime panja, pamalo osatsetsereka, handibuleki itakokedwa. Osaliza injini m'nyumba kapena m'shedi yotseka, utsi wake uli ndi carbon monoxide amene sanunkha koma amapha, ngati mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Yambani injini ili yozizira. Tayi, chitenje, manja a juzi, zonse zikhale kutali ndi malamba a injini, komanso dziwani kuti fani yamagetsi imatha kuyamba yokha kuzungulira. Zida ndi zochepa: sipanala, chopanira, tochi, sanza zoyera, palafini pang'ono, ndi madzi a sopo m'botolo loboola pa chitsekero. Musanazule chilichonse jambulani ndi foni. Timapaipi timafanana, ndipo mukasinthanitsa tiwiri mwayambitsa matenda atsopano.

Choyamba tsegulani chitsekero cha pothirira oilo, muone kunsi kwake. Mukapeza zoyera ngati chambiko pang'ono, nyengo yozizira, pa galimoto ya maulendo afupiafupi, amenewo ndi mame aja. Koma zikakhala zambiri, madzi a mu radiator nkumatsikanso, injini nkumatentha, imeneyo ndi nkhani ya head gasket, ya amakaniko, osati yathu ino. Kenako tsegulani air cleaner. Muyenera kukhala mouma.

Tsopano pezani valavu. Pa injini ya 1NZ, imene ili m'ma Sienta, Probox ndi Corolla ambiri, ili pa tappet cover pomwepo, tsatirani paipi yochokera ku manifold muipeza. Pa injini zina ndi yopotokola ngati bawuti, pa zina ndi yongolowetsa mu kalabala, ndipo pa zina zatsopano inabisika pansi pa manifold moti ndi bwino kuisiyira galaja. Mukaichotsa, igwedezeni pafupi ndi khutu. Yabwino imalira keche keche. Ikakhala duu, yamatidwa. Ikani kapaipi koyera nkuuzira: kuchokera mbali ya injini mpweya udutse mosavuta, kuchokera mbali ya manifold uvute. Kuuzira, osati kuyamwa, zamkatimo ndi poizoni. Yamatidwa iviikeni mu palafini, muigwedeze, muitsanule, ibwerezeni mpaka palafini azituluka woyera, kenako iume. Komabe kulira keche sikutanthauza kuti sipuling'i ikadali ndi mphamvu. Ngati galimoto inabwera ndi valavu yomweyo kuchokera ku Japan zaka zambiri zapitazo, ndi bwino kungogula ina. Popita kukagula, kaya pa boma kaya ku Biwi ku Lilongwe, tengani yakaleyo m'thumba ndi nambala ya injini, chifukwa mavalavu ofanana kunja amasiyana muyezo mkati.

Mapaipi ayendereni ndi zala, limodzi ndi maso. Labala wabwino amapindika nkubwerera. Wakutha amauma gwa ngati chikuni, kapena amafewa nkufufuma chifukwa cha oilo. Ming'alu imakonda kumapeto, pamene paipi yavala chitsulo, komanso kunsi kwa makona kumene diso silifika, ndiye pindani pang'ono muunike ndi tochi. Paipi ya PCV ichotseni muone ngati mkati simunatsekeke. Ina imaoneka bwino kunja koma injini ikalira imaphwafuka ngati chubu chopanda mpweya. Posintha, sinthani imodzi imodzi, ndipo ikhale paipi ya galimoto yopirira oilo ndi kutentha, ya kukula komweko. Paipi yothirira kudimba, kapena kumanga mng'alu ndi labala wa chubu, zingakufikitseni kunyumba tsiku limenelo basi.

Zonse zikabwerera m'malo, mwini galimoto alize injini. Chotsani paipi pa valavu, kapena valavu pamodzi ndi paipi yake ngati ndi yongolowetsa, muike chala pa bowo. Muyenera kumva chala chikukokedwa. Njira ina ndi kufinya paipiyo ndi chopanira, mutakulunga kansanza kuti musaiboole: valavu yamoyo imamveka kuti thi. Kenako tsegulani pothirira oilo muike kapepala kolimba pamwamba. Kakamakokeredwa pansi pang'ono, kapena kungonjenjemera pomwepo, zili bwino. Kakamauluzidwa, utsi nkumatuluka phu phu phu ngati chigayo, pomwe valavu ndi mapaipi mwatsuka kale, ndiye kuti maringi atha. Apo dalaivala uja ananena zoona, yakalambadi, ndipo valavu yatsopano singaichize. Ikayezedwe compression ku galaja.

Posaka pamene pakulowa mpweya, tengani chidutswa cha paipi, mbali ina pa khutu, inayo muziyendetsa pafupi ndi molumikizira monse. Pong'ambika pamalira tsiii. Mukakayikira malo, fayirani madzi a sopo pang'ono. Madzi akatseka mng'alu kwa kanthawi, kaliridwe ka injini kamasintha. Ena amafayira petulo. Chonde ayi. Pafupi pomwepo pali ekizozi yotentha ndi mawaya a mapulagi. Palafini wakuda ndi sanza za oilo musatayire m'ngalande, mvula ikagwa zonsezo zimakathera m'madimba ndi mumtsinje wa Linthipe.

Njinga zamoto za kabaza nazo zili ndi kapaipi kopumira kochokera pa injini, ngakhale zambiri zilibe valavu yotere. Kakapindika kapena kutsekeka ndi matope a dzinja, oilo amayamba kutuluka m'magasiketi chimodzimodzi. Injini ya dizilo nayo imapuma, koma manifold yake siyamwa ngati ya petulo, ndiye anaiikira kapampu kapadera kopanga vacuum. Pa ma Hiace ndi ma Hilux akale kapampuko kali kumbuyo kwa alternator. Mungafunse kuti dizilo ikufuniranji vacuum. Yankho lake ndi mabuleki.

Paipi yonenepa

Mukayang'ana kuseri kwa injini, mbali ya dalaivala, muona chinthu chakuda chozungulira ngati poto wamkulu. Chimenecho ndi brake booster, ndipo pali paipi yonenepa yochokera pamenepo kupita ku manifold, kapena ku kapampu kaja ngati ndi dizilo. Mkati mwa potoyo muli chikopa cha labala chogawa zipinda ziwiri. Zonse ziwiri zimakhala zoyamwidwa mpweya. Dalaivala akaponda buleki, chipinda chimodzi chimalowa mpweya wakunja, ndipo pulesha ija ya 84 kPa imakankha chikopacho nkuthandiza phazi. Ndiye kuti mpweya wa Dedza womwewu ndi umene umaimitsa galimoto yodzaza anthu. Paipi imeneyi ikang'ambika, buleki imalimba ngati waponda mwala. Imagwirabe, koma pamafunika mphamvu zochuluka kwambiri, ndipo galimoto imakaima patali.

Nchifukwa chake ndimachita mantha ndi khalidwe lozimitsa injini pa mtsetse pofuna kupulumutsa petulo. Injini ikazima, kuyamwa kwatha. Mu booster mumatsala vacuum yokwana kuponda kawiri kapena katatu, chifukwa pa paipi paja pali kavalavu koisunga. Kuponda kwachinayi phazi lili lokha. Chiwongolero nachonso chimalemera, ndipo giya siithandizanso kugwira galimoto. Taganizani zimenezo pa makona a Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, kapena potsetserekera pa mlatho wa Linthipe, kutsogolo kuli ngolo ya ng'ombe. Mukakwera matola nkumva injini yati zii pa mtsetse, lankhulani. Mwaulemu, koma mokweza: "Adalaivala, tayatsani injini, mabuleki amadalira yomweyo." Akakuyankhani kuti mwana wasukulu ukudziwa chiyani, auzeni ayese okha akaima.

Kuyesa kwake sikutenga ndi mphindi imodzi yomwe. Injini ili yozima, pondani buleki kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mpaka ilimbe. Phazi likhale pomwepo mutaponda, ndiye lizani injini. Buleki iyenera kutsika pang'ono yokha pansi pa phazi, kusonyeza kuti vacuum yafika. Ikapanda kutsika, kapena mukamva tsiii nthawi iliyonse imene mwaponda, yang'anani paipi yonenepa ija kuyambira ku manifold mpaka pa booster, ndi makilipi ake. Paipi imeneyi siimangidwa ndi labala wa chubu, siilumikizidwa ndi chidutswa cha cholembera, imasinthidwa yonse. Mukaisintha koma buleki osatsikabe, galimotoyo isanyamule munthu, ngakhale thumba limodzi la kachewere, mpaka amakaniko aione.